Nkhoswe za Nthaka: Mbiri ya Kusunga Nkhalango ndi Nyama m'Dziko la Maravia

M'masamba ena a buku lino la chikumbutso cha zaka 100 za parishi yathu mwawerenga za ansembe, asisitere ndi akatekisiti amene anafesa Mawu a Mulungu pakati pathu. Ife tapatsidwa gawo lina, lolemba za nthaka imene mbewuyo inagwerapo. Pakuti tchalitchi zoyamba za m'midzi mwathu zinaima ndi nsichi zodula m'nkhalango, zinafoleredwa ndi udzu womweta kudambo, ndipo ng'oma imene inkaitana akhristu ku mapemphero inasemedwa ku mtengo wa m'thengo lomweli. Tsono n'koyenera kuti pa chaka chachikondwerero chotere tidzifunse: kodi nthaka iyi, mitengo yake ndi nyama zake, wakhala akuzisunga ndani, ndipo adzazisunga ndani m'zaka zimene zikudza?

Pofuna kuyankha funsoli tibwereka liwu limene Mchewa aliyense amalidziwa, liwu lakuti nkhoswe. Mtsibweni amene ali nkhoswe ya mbumba sali mwini wa alongo ake ndi ana awo monga momwe munthu akhalira mwini wa mbuzi zake. Iye amawayang'anira, amawayankhulira pabwalo, amasunga minda ya banja kuti isapite kwa alendo, ndipo akalakwa mbumba yomweyo imamuitana ndi kumufunsa. Mbiri imene tikulembayi ikuonetsa kuti dziko lathu linkasungika bwino pamene atsogoleri ake ankadziyesa nkhoswe, ndipo linkaonongeka pamene wina ankadziyesa mwini.

M'masiku a makolo

Dzina lakuti Maravia likuchokera ku dzina la Amaravi, makolo a Achewa. Dziko ili la pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi malire a Zambia a lero linali m'manja mwa Undi, amene likulu lake linali ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche. Pansi pa Undi panali mafumu aang'ono ndi anyakwawa, ndipo aliyense wa iwo anali ndi gawo lake la thengo loti aliyang'anire.

Makolo amenewa analibe mapepala, komatu malamulo anali nawo. Munthu sankayatsa tchire tsiku lililonse limene wafuna, pakuti moto wa chaka unkadikira mawu a mfumu, ndipo uzimba waukulu unkachitika mudzi wonse utamva. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagwera pansi unali wa mwini dziko, kusonyeza kuti nyama siinali ya mkondo wokha umene waigwetsa. Mitengo ya kumanda inali yosadulidwa nkhuni, ndipo nchifukwa chake mpaka lero munthu akaona msitu wobiriwira pakati pa minda yoyera amadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Mvula ikakana, akuluakulu ankapita kukachisi kukapepesa kwa Chauta kudzera mwa mizimu ya makolo. Iwo ankakhulupirira kuti dziko lili ndi Mwini wake wosaoneka, ndi kuti mfumu ndi wosunga chabe. Amishoni atakwera ndi Zambezi, kuchokera ku Boroma mpaka ku Miruro kufupi ndi Zumbo, anapeza mbali imeneyi ya chiphunzitso cha Genesis itakhazikika kale m'mitima ya anthu.

Sitikunena kuti masiku amenewo anali opanda banga. Mafumu ena ankagulitsa minyanga, ndiponso anthu, posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Koma lamulo lakuti thengo ndi la mudzi wonse linali lodziwika kwa wamkulu ndi mwana yemwe.

Pamene mwini nyumba anasanduka mbala

Golide ndi minyanga ndizo zinakopa alendo. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi a ku Tete anayamba kukumba golide m'dziko la Undi, poyamba mopempha chilolezo, pambuyo pake mwa mphamvu. M'zaka za m'ma 1800 magulu a Achikunda okhala ndi mfuti anasakaza njovu m'chigwa chonse cha Zambezi ndi Luangwa, motsogozedwa ndi anthu onga José do Rosário Andrade, amene anthu ankamutcha Kanyemba. Boma la atsamunda litakhazikika, linabweretsa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya chibalo, nalamula kuti wosaka nyama akhale ndi chiphaso chogula ndi ndalama. Munthu wa kumudzi akanazitenga kuti ndalamazo? Motero mlenje amene makolo ake anasaka m'thengomo kuyambira kalekale anasanduka wakuba pakhomo pake pomwe. M'chaka cha 1935 Undi mwini wake anachoka m'dziko la Apwitikizi nakakhala ku Katete, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika.

Zaka zotsatira zinali za masautso. M'chaka cha 1968 nkhondo yomenyera ufulu inafika m'chigawo cha Tete, ndipo anthu ambiri anasonkhanitsidwa m'midzi yolondedwa ndi asilikali, kutali ndi minda yawo. Kumapeto kwa chaka cha 1974 damu la Cahora Bassa linatsekedwa, madzi nasefukira mtunda wa makilomita oposa 200 mpaka ku Zumbo. Madimba achonde a m'mbali mwa Zambezi anamira pamodzi ndi manda a makolo, ndipo anthu zikwi zambiri anasamutsidwa. Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya boma, nilichotsa mafumu paudindo poganiza kuti anali zida za atsamunda. Posakhalitsa kunabuka nkhondo yapachiweniweni. Midzi yambiri ya Maravia inasanduka mabwinja, eni ake atathawira ku Zambia, kumene ambiri anakasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke kuyambira mu 1987. Nyama zinasanduka ndiwo za asilikali, minyanga inasanduka ndalama zogulira zipolopolo, ndipo panalibe nkhoswe yoti iletse.

Pano tiyenera kutchula chinthu chimodzi chimene Mpingo unaphunzira m'zaka zimenezo, chifukwa chikukhudza nkhani yathu. Sukulu ndi zipatala za amishoni zitatengedwa ndi boma mu 1975, ansembe nachepa, Eklezia wa m'Mozambique anasonkhana ku Beira mu 1977 nagwirizana kuti moyo wa Mpingo ukhale m'miphakati, m'manja mwa akhristu eni ake. Midzi ina inatha zaka zambiri osaona wansembe, koma akatekisiti ndi akuluampingo ankabatiza ana, kuika maliro ndi kutsogolera mapemphero pansi pa mtengo. Chikhulupiriro sichinazime chifukwa anthu wamba anali atamva kuti Mpingo ndi wawo. Zimene zinapulumutsa Mpingo ndi zomwezo zimene zinayesedwa pambuyo pake pofuna kupulumutsa thengo.

Tchuma Tchato

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ndi thandizo la gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Anthu atayamba kubwerera kwawo, ku Bawa, patsidya la Zambezi moyang'anana ndi Zumbo m'boma la Magoe, anapeza thengo lawo lili m'manja mwa kampani yosakitsa nyama kwa alendo olemera a kunja. Alonda a kampaniyo ankagwira aliyense wopezeka ndi msampha, ndalama zonse za ziphaso zinkapita kutali, pamene njovu zinkadya chimanga cha anthu amene anali atangochoka kumene ku ukapolo wa njala. Udani unakula kwambiri.

M'zaka za 1994 ndi 1995 kunayambika ntchito imene anthu eni ake anaitcha Tchuma Tchato, ndiye kuti Chuma Chathu m'chiyankhulo cha Achikunda. Inali ntchito yoyamba ya mtundu umenewu m'Mozambique monse. Nzeru yake inachokera kwa anansi athu a ku Zimbabwe, amene anali atayamba ntchito yofanana nayo yotchedwa CAMPFIRE mu 1989, ndipo thandizo la ndalama linachokera ku mabungwe onga Ford Foundation ndi IUCN. Woitsogolera anali bambo Luís Namanha, wogwira ntchito m'nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama ku Tete.

Chimene tiyenera kuphunzira kwa atsogoleri oyambawo ndi kayambidwe kawo. Iwo anapita kukakhala ku Bawa komweko pakati pa anthu, m'malo molamula ali mu ofesi ku Tete. Anakhala pansi ndi mafumu, ndi akuluakulu, ndi iwo amene amayankhulira mizimu ya mphondolo, pozindikira kuti m'dera limenelo palibe lamulo la thengo lingagwire ntchito popanda mawu a amenewa. M'mudzi uliwonse munasankhidwa bungwe loyang'anira zachilengedwe. Alonda a nyama anatengedwa mwa anyamata a m'midzi momwemo, ena mwa iwo alenje otchuka amene dzulo lake ankasakidwa ngati mbala, pakuti wodziwa njira ya njovu ndi amene anaitsatapo. Koposa zonse, mu 1995 boma linavomereza kuti ndalama za ziphaso zosakira nyama zizigawidwa, ndi kuti gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kufupi ndi pamenepo, lizibwerera kumidzi. Ndalama zitafika, anthu anakambirana okha chochita nazo, ndipo china mwa zinthu zimene anagula ndi chigayo, chimene chinapumitsa amayi ku mtondo. Mu 1997 katswiri wojambula mafilimu Licínio Azevedo anajambula filimu ya ntchitoyi, naitcha dzina lomwelo.

Kuchokera ku Bawa ntchitoyi inafika ku Daque, kumene inakhudzanso za usodzi wa pa nyanja ya Cahora Bassa, kenaka inaolokera tsidya lino la kumpoto, ku Zumbo, ku Maravia ndi ku Chifunde.

Lamulo la nthaka la 1997

M'maiko ena muli mabungwe osafuna phindu amene ntchito yawo ndi kugula malo kapena kulandira malo ngati mphatso, ndi kuwasunga m'dzina la anthu onse kuti asadzagulitsidwenso. Pa Chingerezi bungwe lotere limatchedwa land trust. Ku England bungwe la National Trust linayamba mu 1895, ndipo mmodzi mwa anthu atatu amene analiyambitsa anali wansembe wa Anglikani, Hardwicke Rawnsley. Ku Georgia, m'dziko la America, alimi akuda amene ankathamangitsidwa m'minda ya azungu anayambitsa New Communities mu 1969 kuti akhale ndi malo a onse pamodzi. Kwathu kuno njira yogula malo njotsekeka, chifukwa nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Koma Lamulo la Nthaka la 1997 linatsegula khomo lina lofika ku cholinga chomwecho.

Lamulo limenelo linanena kuti mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo wa makolo uli nawo kale ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale ulibe pepala lililonse. Linavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi. Linati amayi ndi abambo ali ndi ufulu wofanana. Linalamulanso kuti mlendo wofuna malo asapatsidwe chilolezo eni mudzi asanafunsidwe. Kuti anthu amve zimenezi, mabungwe ndi mipingo anayenda m'midzi m'zaka za 1998 ndi 1999 kufalitsa lamuloli, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa pa yunivesite José Negrão. Mu 1999 kunabwera lamulo la nkhalango ndi nyama, ndipo malangizo ake a mu 2002 anaika kuti magawo 20 pa 100 aliwonse a ndalama zimene boma limatolera pa mitengo ndi nyama azibwerera kumudzi kumene chumacho chachokera. Mu 2000 boma linazindikiranso udindo wa mafumu.

Ntchito yoika malire a mudzi njosavuta kuinena, koma imafuna kuleza mtima. Akuluakulu amafotokoza mbiri ya mudzi, kumene makolo anachokera ndi kumene anaikidwa. Amayi amasonyeza kumene amatola nkhuni, kutunga madzi ndi kuzula bowa. Kenaka anthu amayenda m'malire pamodzi ndi oimira midzi yoyandikana nayo, kuchokera pa mtsinje uwu kufika pa phiri ilo, ndipo palibe chimene chimalembedwa pa mapu mbali zonse zisanagwirizane. Pomaliza boma limapereka chikalata m'dzina la mudzi, ndipo komiti yosankhidwa imatsegula buku ku banki. Komiti imeneyi ndiyo nkhoswe ya masiku ano.

Katundu wa mtsogoleri

Tinganame titanena kuti zonse zinayenda bwino. Amene anatsogolerapo makomiti amenewa amadziwa kulemera kwa katundu wake.

Choyamba ndi njovu. Nyama zikasungidwa zimachuluka, ndipo usiku umodzi wokha gulu la njovu limatha munda umene banja lalima chaka chonse. M'mbali mwa nyanja ng'ona ndi mvuu zimapha anthu. Mayi wamasiye amene munda wake waphwasulidwa sangatonthozedwe ndi mawu akuti chigayo ndi cha tonse. Mtsogoleri ayenera kufika pamundapo m'mawa womwewo, kuona ndi maso ake, ndi kukagogoda kuboma mpaka yankho litabwera.

Chachiwiri ndi ndalama. Gawo la mudzi limadutsa m'maofesi ambiri lisanafike, nthawi zina limachedwa, ndipo likagawidwa ku midzi yambiri limachepa. Thandizo la mabungwe akunja nalo lili ngati mame, dzuwa likakwera limauma. Pamene anthu sakudziwa kuti nyama zaphedwa zingati ndipo ndalama zalowa zingati, mphekesera imalowa m'malo mwa choonadi, ndipo misampha ya waya ndi mfuti za gogodela zimatulukanso kumene zinabisidwa.

Chachitatu ndi msika wa kutali. Kalembera wa njovu wa mu 2014 anapeza kuti m'Mozambique munatsala njovu pafupifupi 10,300, pamene zaka 5 m'mbuyo mwake zinali pafupifupi 20,000. Zambiri zinaphedwa ku Niassa, koma chenjezo linali la tonse. Nayonso mitengo ya mlombwa, phingo, tsanya ndi mukula inatuluka m'nkhalango za Tete pa malole osawerengeka kupita ku madoko, makamaka kukagulitsidwa ku China, mpaka boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira mu 2017. Wogula mitengo amafika ndi matumba a shuga, njinga kapena envelopu, nafuna siginecha ya munthu mmodzi yekha. Apa ndi pamene nkhoswe imayesedwa.

Chachinayi ndi mphamvu ya boma lenilenilo. Mu 2013 malo oposa masikweya kilomita 3,500 a tsidya la kumwera kwa nyanja, amene anali m'dera la Tchuma Tchato, anasandutsidwa Paki ya Magoe. Kusunga nyama m'paki n'kwabwino, koma anthu anakumbutsidwa kuti ufulu wodalira kukoma mtima kwa akuluakulu ndi wosakhazikika. Lamulo la mu 2014 linalola kuti midzi ikhale ndi malo akeake osungiramo zachilengedwe ovomerezeka ndi boma, ndipo khomo limeneli likudikira atsogoleri olimba mtima kuti alowepo.

Mawu a Mpingo, ndi udindo wathu

Malembo Oyera sali chete pa nkhani ya nthaka. M'buku la Levitiko, mutu 25, Aisraele analamulidwa kuti pa chaka cha 50 chilichonse minda ibwerere kwa mabanja ake, chifukwa dziko ndi la Mulungu ndipo anthu ndi alendo ake. Ife tikukondwerera zaka zotere ziwiri pamodzi. Tikukumbukiranso Naboti, amene anakana kugulitsa munda wa makolo ake kwa mfumu Ahabu, nafa chifukwa cha kukanako. Mu 1979 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anasankha Fransisko Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya onse osamala zolengedwa. Mu 2015 Papa Fransisko analemba kalata yake ya Laudato Si', yophunzitsa kuti kuonongeka kwa dziko kumayamba kupweteka osauka. Mu 2017 Maepiskopi a m'Mozambique analemba kalata yapadera ya za nthaka, kuchenjeza za kulandidwa kwa minda ya alimi ang'onoang'ono.

Nanga ife akhristu a ku Fingoe, a ku Chiputo, a ku Malowera ndi a ku Chipera tichitenji? Mbiri yatisonyeza zinthu zingapo zimene mphakati uliwonse ungathe kuchita popanda kudikira mlendo. Mkhristu akasankhidwa kukhala m'komiti, aziwerenga ndalama zolowa ndi zotuluka pamaso pa mudzi wonse, monga momwe msungichuma wa tchalitchi amawerengera zopereka Misa itatha. Pasakhale wosaina chikalata cha msonkhano wofunsa anthu chisanawerengedwe mokweza m'chiyankhulo chathu, amayi ndi achinyamata alipo. Amayi akhale nawo m'makomiti, pakuti pa Chichewa munda umatsata mbumba, ndipo chitsime chikauma ndi iwo amene amayenda mtunda. Mtsogoleri aphunzitse womulowa m'malo nthawi ikadalipo, ndipo nyengo yake ikatha atule udindo mwamtendere. Mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu amene anathawa nkhondo nabwerera kudzapeza midzi yawo itamera tchire akutha mmodzimmodzi. Iwo ndiwo akudziwa malire akale, mayina a madambo, ndi misitu imene nkhwangwa siiloledwa kulowamo. Tikupempha aphunzitsi ndi achinyamata a parishi yathu kuti akhale nawo pansi ndi kulemba zimenezi asanatisiye, chifukwa umboni wawo ndiwo chikalata choyamba cha nthaka yathu.

Amene adzalembe buku la zaka 200 adzawerenga maina a obatizidwa m'mabuku a parishi, koma adzayang'ananso kunja kwa zenera. Mulungu atithandize kuti adzapeze mlombwa uli chiimire m'mapiri a Maravia, mitsinje ili ndi madzi m'chilimwe, ndi ana a mbumba zathu akulima minda ya makolo awo. Fransisko Woyera, mutipempherere ife.